Boyila ya palafini yogula pa Facebook, amuna anga aike okha?

Funso: Zikomo akatswiri. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Northern Ireland, ndipo tagula kanyumba kakalekale kumudzi chakufupi ndi Dungannon. Madzi otentha ndi maredieta zonse zimadalira boyila ya mafuta yomwe ili mu galaja, koma ndiyokalamba, ikumazima yokha batani lofiira nkuyaka, komanso m'galajamo mukumanunkha utsi. Amuna anga anali pulambala ku Lilongwe, magiza aika ambirimbiri, nde apeza boyila ina yogwirapo kale ntchito pa Facebook yotchipa, akuti aika okha Loweruka likubwerali. Kodi nzotheka? Nanga sevisi ya chaka ndi chaka anthu akunenayi amapanga chani kwenikweni, sikungotidyera ndalama?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa zinthu zisanamasulidwe, ambiri amandiimbira Lamlungu madzulo boyila yakale itazulidwa kale, yatsopano ikukana kuyaka, ana akusamba madzi a mu ketulo. Ine ntchito yanga ndi yomweyi ya maboyila a mafuta konkuno, nde ndikuuzani mosabisa mawu. Achimwenewo, amuna anuwo, mbali ya madzi angaithe bwinobwino, mwinanso kuposa anyamata ena akuno omwe ndimakumana nawo, koma mbali ya moto asaigwire, ndipo za Loweruka likubwerazi ziime kaye. Komanso ndikukaika ngati mukufunikiradi boyila ina.

Tiyambe ndi fungo la utsilo chifukwa zina zonse zingadikire koma limeneli ayi. Boyila yomwe ili bwino siinunkhitsa utsi m'chipinda momwe ilimo, utsi wonse umayenera kutulukira ku chumuni basi. Mukaumva m'galaja ndiye kuti ukudutsa pomwe sukuyenera, mwina chotsekera cha pachitseko cha boyila chinatha, mwina m'kati mwadzaza mwaye utsi ukusowa njira, mwina chumuni inang'ambika kapena mbalame zinamangamo chisa nthawi yotentha. Mu utsi umenewo mumakhala carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa June, ndipo iwowo pawokha ulibe fungo, chomwe mukumvacho ndi mwaye ndi palafini wosapsa, mwayi wanu ndi woti zabwera limodzi. Zimitsani boyilayo lero lomwe. Madzi osamba tenthetsani kaye ndi magetsi, nyumba zambiri zakale za kuno mukatsegula hot press, kakabati kaja kokhala silinda yosungira madzi otentha, mupeza kachubu koima pambali pa silinda kotchedwa Willis, kali ndi swichi yakeyake, kamatenthetsa madzi okwana munthu mmodzi kusamba m'kanthawi kochepa. Mawa mukagule ma alamu a carbon monoxide olembedwa EN 50291, imodzi muike m'galaja pa mtunda wa mita 1 mpaka 3 kuchokera pa boyila, ina m'chipinda chogundana ndi galaja kapena cha pamwamba pake ngati mumagona munthu. Ndipo ngati m'nyumbamo anthu mwakhala mukumva mutu, chizungulire ndi nseru nonse nthawi imodzi, nkumapezako bwino mukachokapo kupita ku ntchito kapena ana ku sukulu, musamwe panado nkugona, tulukani panja muimbe 999.

Za batani lofiiralo ndikudziwa zomwe zikuchitika ngakhale simunanene, likayaka wina akumapita nkukalidina, yazimanso kudinanso, mpaka iyake. Musiye zimenezo. Amene munaphikirapo pa pulayimasi mukukumbukira kuti umayenera kupopa kuti palafini atuluke mwamphamvu pa kabowo kaja, ndipo kabowoko kakayamba kutsekeka moto umafiira, poto nkuda bii. Burner, gawo la boyila loyatsa moto, ndi nkhani yomweyo kungoti zonse zikuchitika zokha. Nyumba ikafuna kutentha kamota kamayamba kuzungulira, kamota komweko kamayendetsa fani ndi pampu, fani imayamba yauzira kaye mpweya masekondi angapo kuchotsa zotsalira m'chipinda chamoto, kenako pampu imakankha palafini pa puresha ya pakati pa 7 ndi 10 bar kudutsa pa nozzle, kachitsulo kangati chala chaching'ono kokhala ndi kabowo koti nsonga ya singano siingalowe, palafini nkutuluka ngati nkhungu, timawaya tiwiri kutsogolo kwake nkuthetheka, moto buu. Pambali pali kadiso kotchedwa photocell, ntchito yake ndi kuona kuwala kwa moto basi. Kakapanda kuona moto m'masekondi ochepa, kabokosi koyendetsa zonse kamatseka mafuta nkuyatsa batani lofiira lija. Nde batanilo si vuto, likukuuzani kuti ndayesa kuyatsa zakanika. Mukadina, pampu imapoperanso palafini wina m'chipinda chamoto, akapanda kuyaka amangodikha pansi, mukadina kasanu kakhumi mwapanga kadziwe m'katimo, tsiku lomwe idzagwire moto mudzamva kuphulika, utsi wakuda kutuluka paliponse. Boyila ikadzakonzedwa, batanilo likadzayakanso dinani kamodzi, dikirani mphindi zingapo, yesani kachiwiri, ikakana siyani muitane munthu.

Zomwe zimachititsa zimenezi nthawi zambiri ndi tizinthu totchipa. Mafuta atha kapena munalowa mpweya m'paipi atatha ulendo wina, sefa yatsekeka ndi matope a mu thanki, mu thanki munalowa madzi, nozzle yatha ikupopera mokhota, kadiso kaja kada ndi mwaye kakulephera kuona moto womwe ulipo, kapena capacitor, kachida kothandiza mota kuyamba kuzungulira, yafooka mota ikungolira mmmm osazungulira. Nchifukwa chake ndanena kuti ndikukaika zoti boyila yanu yafa. Maboyila akale aja ndi chibokosi chachitsulo chokhuthala chokhala ndi madzi m'mbali mwake, chomwe chimawapha ndi kubooka basi. Achimwene agwade ndi tochi aone pansi pake, ngati palibe madzi adzimbiri akudontha ndiye kuti thupi lake likadali moyo, ndipo burner imachoka payokha ndi nati imodzi kapena ziwiri, ambiri kuno ndi a Riello ndipo zipangizo zake zimapezeka mu shopu iliyonse ya mapulambala. Sindikunena kuti yakaleyo mukhale nayo mpaka kalekale, zatsopano za condensing zimasandutsa kutentha mafuta opitirira 90 peresenti pomwe zakalezi kutentha kwambiri kumathawira ku chumuni, nde kusintha nkwabwino, koma musinthe mutakonzekera, nthawi yotentha, osati mothamanga chifukwa cha nozzle yomwe mtengo wake suposa chakudya chamasana cha anthu awiri.

Ya pa Facebook ija ndilibe nayo chidani, ena amachotsa boyila yabwinobwino chifukwa mumsewu mwawo mwafika gasi. Koma mufunse kuti inachokeranji. Ngati yakhala mu shedi nyengo yozizira ili ndi madzi m'kati, madziwo anaundana ndipo mwina anang'amba penapake pomwe simungaone mpaka mutaidzaza. Mufunse ngati chumuni yake ilipo yonse, chifukwa boyila iliyonse kaya ndi Grant, Warmflow, Firebird kapena Worcester imafuna chumuni ya kampani yomweyo, simungalumikize ndi mapaipi ongotola, ndipo yatsopano mukagula payokha kutchipa konse kuja kwathera pomwepo. Muone kachitsulo kolembapo mphamvu yake, nyumba wamba ya zipinda zogona zitatu kawirikawiri imakwana ndi ya pakati pa 15 ndi 26 kW, anthu athu timakonda chachikulu koma boyila yokula kuposa nyumba imangoyaka nkuzima, kuyaka nkuzima, mafuta akupita mwaye ukuchuluka. Ndipo ikakhala kuti si ya condensing musavutike nkomwe kukaitenga, malamulo a zomangamanga masiku ano salola kuika yoteroyo pafupifupi paliponse.

Tsopano pomwe pagona nkhani. Giza ya kumudzi ija ukalumikiza madzi ndi magetsi yatha, elementi ilibe chochuna. Boyila ya palafini ukamaliza kulumikiza zonse ndiye kuti ntchito yeniyeni ikuyamba kumene, chifukwa moto wake umayenera kuchunidwa pamalo pomwepo, mu nyumba yomweyo, ndi chumuni yomweyo. Mafuta olowa ndi mpweya wolowa ziyenera kugwirizana ndendende. Mpweya ukachepa palafini sapsa yense, umapeza mwaye ndi carbon monoxide, ndipo ndinatsegulapo boyila yomwe inaikidwa ndi mwini nyumba patangopita milungu yochepa, m'kati monse mwaye wofewa ngati ufa wakuda utadzaza mpaka pakamwa pa chumuni, dzanja kulowa lonse. Mpweya ukachuluka moto umaoneka woyera bwino mwini wake nkumasangalala, koma kutentha kukuuluzikira panja, ndipo m'mawa wozizira kwambiri imakana kuyaka. Chovuta nchoti pakati pa moto wabwino ndi woipa maso sangasiyanitse, ngakhale ine amene ndimaona moto umenewu tsiku ndi tsiku sindiyerekeza kuchuna ndi maso. Timamanga geji pa pampu kuti puresha ikhale yomwe buku la boyilayo lanena pa nozzle imeneyo, ndipo nozzle yake ili ndi manambala atatu ofunika, mwachitsanzo 0.60 80 EH, yoyambayo ndi kuchuluka kwa mafuta pa ola, yachiwiri ndi kutambasuka kwa nkhungu ija, zilembozo ndi kaonekedwe kake, ukaika yofanana kukula koma yosiyana kutambasuka moto umanyambita makoma. Kenako timatenga kapampu kamanja kokoka utsi kudutsa pa kapepala koyera, kukoka kakhumi, nkuyerekeza banga lake ndi tchati cha 0 mpaka 9, liyenera kukhala pa 0 kapena 1. Zikatero mpamene timalowetsa makina oyeza utsi mu chumuni, nkumatembenuza kasikuluwu ka mpweya pang'onopang'ono mpaka carbon dioxide afike pomwe buku likufuna, nthawi zambiri chapakati pa 11 ndi 12 peresenti, uku tikuyang'ana carbon monoxide ndi kutentha kwa utsi. Makina amenewa ndi odula ndipo chaka chilichonse amapita kokayezedwa. Achimwene alibe, ndipo palibe chifukwa choti agule kaamba ka boyila imodzi.

Pa za malamulo anthu amasokoneza ndi gasi. Gasi munthu wosalembetsa ku Gas Safe saloledwa kugwira ntchito m'nyumba za anthu, pomwe mafuta lamulo silinena kuti woika akhale wa OFTEC, bungwe lomwe limalembetsa amisiri a mafuta ku UK ndi Ireland. Koma ntchitoyo iyenera kukwaniritsa malamulo a zomangamanga, ndipo kuno ku Northern Ireland kusintha boyila kumafuna kudziwitsa a Building Control ku khonsolo, kwanuko ndi Mid Ulster, amabwera kudzaona nkupereka satifiketi. Ku England ndi Wales mmisiri wa OFTEC amatha kuzitsimikizira yekha ntchito yake, nde musatengere malangizo a abale a ku Leeds kapena Luton. Pepala limeneli lero likuoneka lachabe koma tsiku logulitsa nyumba loya wa wogula adzalifunsa, ndipo moto kapena kutayika kwa mafuta kukachitika a inshuwalansi funso lawo loyamba ndi loti anaika ndani.

Poika, ntchito imayambira panja pa thanki, osati pa boyila, ndipo nyumba yakale ngati yanuyo thanki yake ndimaiopa kuposa boyila. Pitani mukaione masana. Ngati ndi ya pulasitiki yobiriwira ija muone ngati pamwamba ndi m'makona yayamba kuyera ndi dzuwa, ngati pali timing'alu ting'onoting'ono, ngati yatupa m'mbali. Iyenera kukhala pa simenti kapena masilabu olimba osayaka, pansi pake ponse pogona bwino, pansipo potuluka masentimita 30 mbali zonse, osati pa njerwa ziwiri ndi thabwa lowola monga ndimapezera m'mafamu. Italikirane mamita 1.8 ndi mawindo, zitseko, shedi yamatabwa ndi pakamwa pa chumuni, ndi masentimita 76 kuchokera ku mpanda wamatabwa wa malire. Mukamagula yatsopano mutenge ya makoma awiri yomwe kunja kwake kumatha kusunga 110 peresenti ya mafuta a m'kati, makamaka ngati pali mtsinje kapena ngalande pasanathe mamita 10, kapena chitsime pasanathe mamita 50. Palafini akalowa m'nthaka sabwerera, amayenda mpaka pansi pa maziko, fungo nkumatulukira pabalaza, pamafunika kukumba nkutaya dothi lonse ndipo ndalama zake zimatha kuposa za boyila zingapo. Zikachitika tsekani valavu ya pa thanki, muimbire a inshuwalansi ndi a NIEA, bungwe la boma loona za chilengedwe, osathira madzi kuti mutsuke.

Paipi yochoka pa thanki ndi pomwe dzanja la pulambala wa kwathu limalakwitsa chifukwa cha kuzolowera. Paipi ya galvanised yomwe timagwiritsa ntchito kumudzi siiloledwa pa mafuta, ndipo kulumikiza kopa ndi mtovu wosungunula monga timachitira pa madzi nakonso nkoletsedwa, chifukwa moto ukabuka mtovuwo umasungunuka mafuta nkumathira pamoto. Timagwiritsa ntchito kopa wofewa wa mamilimita 10 wokutidwa pulasitiki, nkulumikiza ndi manati ake a mafuta. Pa thanki pamakhala valavu ndi sefa. Paipiyo isanalowe m'nyumba, kunja kwa khoma, pamakhala fire valve, ili ndi kawaya kakang'ono kolowa m'kati kukathera pamwamba pa burner, pakatentha kupyola muyezo imadzitseka yokha mafuta nkutsalira panja. Nyumba zambiri zakale ilibe, kapena ilipo koma inaikidwa m'kati pafupi ndi boyila pomwe singathandize kanthu. Thanki ikakhala m'munsi kuposa burner pamafunikanso kachida kochotsa mpweya, ambiri amati Tigerloop, apo ayi muzingokhalira kuchotsa mpweya pa pampu.

Poti boyila ili m'galaja, ikhale ya mtundu wokoka mpweya wake panja kudzera mu chumuni yomweyo ya mapaipi awiri, isamapume mpweya wa m'galaja momwe muli galimoto, petulo wa makina otchetchera kapinga ndi zitini za penti. Ya condensing imatulutsa nthunzi yoyera ku chumuni kukazizira, imeneyo si vuto, kungoti pakamwa pake pasaloze pawindo kapena kwa aneba. Imatulutsanso timadzi towawasa pansi, timeneti timadya chitsulo ndi kopa nde paipi yake ikhale ya pulasitiki yotsetsereka bwino kukathera mu ngalande ya madzi oipa, ndipo gawo lodutsa panja likhale lalikulu, mamilimita 32, lokutidwa. Mu January mafoni ambiri omwe ndimalandira ndi a kapaipi kameneka kataundana, mankhwala ake ndi kuthira madzi ofunda pamwamba pake, ofunda osati owira.

Mbali ya silinda ndi ya achimwene ndithu, koma adziwe kusiyana kumodzi ndi giza. Madzi a mu boyila si omwe mumasamba. Amazungulira okhaokha, kuchoka mu boyila kudutsa m'paipi yopindidwapindidwa m'kati mwa silinda ndi m'maredieta nkubwerera, osakhudzana ndi a pa mpopi. Nyumba zakale za kuno zambiri silinda yake ndi ya kopa, imalandira madzi kuchokera mu thanki ya kudenga, ndipo pamwamba pake pali paipi yotseguka yokwera kukathera pamwamba pa thanki ya kudengayo. Shawa yake imakhala yofooka, nde pulambala aliyense wochokera kwathu maganizo oyamba ndi oti ndingoilumikiza ku paipi ya madzi a mumsewu nditseke kapaipi kotsegukako. Chonde ayi. Silinda ya kopa ija sinapangidwire puresha imeneyo, ndipo kapaipi kaja ndi pothawira madzi akawira. Mukafuna shawa yamphamvu ikani pampu ya shawa, kapena silinda ya unvented, yopangidwira puresha ya madzi a mumsewu, koma imeneyo ili ndi mavalavu ake otetezera kutentha ndi puresha ndipo imaikidwa ndi munthu wokhala ndi pepala lake la ntchito imeneyo, nayonso a khonsolo amafuna kudziwa. Madzi mu silinda azisungidwa pa 60 digiri. Mukatsitsa kuti mupulumutse mafuta mukulera tizilombo ta Legionella tomwe timaswana pakati pa 20 ndi 45 digiri nkulowa m'mapapo ndi nthunzi ya shawa, inu a ntchito yosamalira okalamba mukuzidziwa kale, ndi chifukwa chomwe kuntchito kwanu amayezera mipopi. Koma 60 imawotcha khungu la mwana m'masekondi ochepa, nde pa bafa ikani valavu yosakaniza ndi ozizira. Nyumba zambiri zakale silinda ilibe nkomwe thermostat, kachida koimitsa kutentha madzi akafika pa muyezo, madzi amangotentha mmene boyila yatenthera, ndipo kuti upeze madzi osamba mu July maredieta nawonso akutentha. Kuika thermostat pa silinda ndi mavalavu amagetsi olekanitsa madzi osamba ndi maredieta kumapulumutsa palafini wooneka ndi maso, ngakhale pa boyila yakale yomweyo.

Tsopano sevisi, ngati ndi kudyerana ndalama kapena ayi. Zimatengera wabwera ndani, ndipo ndikuuzani zoti muzionera. Boyila muizimitse maola angapo iye asanafike kuti izizire. Mmisiri weniweni amayambira ku thanki, amaiyang'ana, amapaka kamankhwala kunsonga kwa ndodo nkupisa mpaka pansi, kakasintha mtundu ndiye kuti muli madzi ofunika kupopa. Amatsuka kapena kusintha sefa, amayesa fire valve ngati ikutsekadi, amaona kapaipi kofewa kolowa mu burner komwe kamauma nkuyamba kuchucha pakapita zaka, kali ndi deti lake. Kenako amachotsa burner, amatsegula chitseko chakutsogolo kapena chapamwamba nkutulutsa zitsulo zosanjikizana zomwe zimachedwetsa utsi kuti usiye kutentha m'madzi, amapala makoma ndi burashi nkukoka mwaye ndi huva, nkubwezera zitsulozo mu ndondomeko yake chifukwa ukazisemphanitsa boyila imatsamwa. Pa ya condensing palinso timizere tachitsulo topotoka m'timachubu ta kumbuyo ndi kamsampha ka timadzi towawasa tija, zonse zimatsukidwa. Nozzle amaika yatsopano chaka chilichonse, siitsukidwa ndipo siitokosoledwa ndi waya. Amapukuta kadiso, amaona mpata wa timawaya tothetheka, amachotsa fumbi ndi ubweya wa galu pa fani, amasintha chotsekera cha chitseko ngati chaphwanyika. Pomaliza geji, kapepala ka utsi ndi makina oyeza aja, ndipo amakusiyirani fomu ya OFTEC yotchedwa CD/11 yolembapo manambala onse omwe wapeza. Zonsezi zimatenga ola kapena kupitirira. Akabwera wina nkupukuta kunja, kusintha nozzle, mphindi 15 ali pa galimoto osatulutsa makina aliwonse, ameneyo ndiye wakudyeranidi. Mumufunse pa foni asanabwere kuti kodi mumasiya pepala la zoyeza utsi, ndipo nambala yake ya OFTEC mutha kuifufuza pa intaneti. Mtengo wa sevisi yabwino sufika ngakhale pa mtengo wa malita 300 a palafini, ndipo muzipangitsa mu August kapena September, chifukwa kukangoyamba kuzizira tonse timakhala tilibe mpata.

Pa mafuta penipenipo, poitanitsa nenani kerosene, ena amati 28 second. Dizilo musathire, ndi wolemera, amafuna nozzle ndi puresha zina ndipo ya condensing amaiwononga, petulo ndiye musayerekeze nkomwe. Lita imodzi ya palafini ili ndi mphamvu yokwana pafupifupi mayunitsi 10 a magetsi, ndipo mayunitsi amenewo ndi odula kuposa litayo, nchifukwa chake Willis uja ndi wongogwirizira, osati wa tsiku ndi tsiku banja lonse. A Consumer Council, bungwe loteteza ogula, amaika pa intaneti mitengo ya malita 300, 500 ndi 900 ya madera onse a Northern Ireland, muziona musanaimbe, ndipo ochuluka amatsika mtengo pa lita, pomwe tizigubu ta malita 20 ta pa filling station ndi todula kwambiri, ta tsiku la ngozi basi. Musamadikire kuti thanki iume, ikafika pa kota itanitsani. Aneba ena adzakuuzani zopendeketsa thanki ndi njerwa kuti otsalira atuluke, mukatero mukukokera matope ndi madzi a zaka zonse mu sefa ndi mu pampu, komanso pulasitiki yokalamba ija ingang'ambike pomwepo. Galimoto ya mafuta ikabwera zimitsani boyila, muidikire kwa ola limodzi matope akhazikike kenako muyatse.

Nde achimwene muwauze chonchi. Sabata ino aitane mmisiri wa OFTEC adzapange sevisi yonse pa yakaleyo, aime naye pambali aone chilichonse, ambiri a ife sitikana munthu wodziwa mapaipi akamafunsa. Akanena kuti thupi lake labooka kapena chumuni yatheratu, mpamene mukambirane za ina, ndipo amuonetse zithunzi za ya pa Facebook ija ndi kachitsulo ka manambala asanapereke ndalama. Ikakhala yoti isinthidwe agwirizane naye zogawana ntchito kuyambira pachiyambi, osati kumuitana zonse zitatha kuti angosaina, ambiri amakana zimenezo. Achimwene atha kuthira simenti ya thanki, kukumba ngalande ya paipi, kutsuka maredieta onse mpaka madzi akuda aja atayera, kuika sefa ya maginito pa paipi yobwerera ku boyila, kuthira mankhwala oletsa dzimbiri, kukuta mapaipi a m'galaja ndi kudenga, kukonza za ku silinda. Paipi ya mafuta, fire valve, chumuni ndi kuchuna moto zikhale za mmisiriyo, ndipo pomaliza akupatseni CD/10 ya kuika ndi CD/11 ya kuchuna, muzisunge pamodzi ndi satifiketi ya a khonsolo mu fayilo ya mapepala a nyumba. Ngati achimwene ntchitoyi yawasangalatsa, maphunziro a OFTEC amachitika m'makoleji ndi m'malo ophunzitsira amisiri konkuno, ndipo kuno nyumba zoposa theka zimadalira mafuta, nde m'nyengo yozizira amisiri timachepa.